WAILESI ZA KANEMA ZAKALE NDI OSCILLOSCOPE: KODI NGOZI ILI PATI?

M'nyumba zambiri za m'makomboni mukali wailesi za kanema zakale zija za cimsana cacikulu. Zina zikali kugwira nchito, zina zinafa ndipo zinangoikidwa kuseri kwa nyumba. Amisiri ena okonza mawailesi m'misika alinso ndi makina akale ochedwa oscilloscope, amene amaonetsa mayendedwe a magetsi monga mzere wobiriwira pagalasi. Makina awiriwa ali ndi cinthu cimodzi cofanana mkati, ndico cubu cagalasi. Anthu ambiri amaopa kuti cubu cimeneci cimatulutsa ceza codwalitsa. Kodi mantha amenewa ndi oona?

Mmene ceza cimayambira

Cubu ca mtundu umenewu anayamba kucipanga ndi Karl Ferdinand Braun wa ku Germany m'caka ca 1897. Mkati mwake mulibe mpweya. Tinthu tating'ono kwambiri ta magetsi timathamanga kucokera kumbuyo ndi kukagunda galasi la kutsogolo, ndipo cithunzi cimaoneka. Tikagunda ndi mphamvu yaikulu pamatuluka ceza ca X-ray, conga cija cojambulira mafupa kucipatala.

Ukali wa ceza umayendera mphamvu ya magetsi. Magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230, koma makinawa amawakweza. Oscilloscope yaing'ono imafika pafupi-fupi mavolti 2,000, zazikulu zimapitirira 10,000, pamene wailesi ya kanema yoonetsa mitundu imafika pafupi-fupi 25,000. Mavolti akakhala ocepa, ceza cimakhala cofooka ndipo sicipyola galasi. Ndiye cifukwa cake oscilloscope ilibe ngozi yeni-yeni ya ceza. Pa wailesi za kanema, opanga anasakaniza mtovu ndi zitsulo zina m'galasi kuti zichinge cezaco.

Mantha anakula m'caka ca 1967 pamene kampani ya General Electric ku America inapeza kuti wailesi zake zina zinali kutulutsa ceza copitirira muyeso cifukwa ca cipangizo cina colakwika. M'caka ca 1968 boma la America linakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku ceza ca makina otere. Cofunika kudziwa ndi cakuti ceza cimatuluka makina akayatsidwa cabe. Wailesi yozima kapena yakufa situlutsa ceza ciliconse.

Ngozi zeni-zeni

Yoyamba ndi magetsi. Cubu ndi zipangizo zina za mkati zimasunga magetsi ngakhale nthambo itazulidwa ku cipupa. Munthu wotsegula kumbuyo ndi kugwira mkati angamenyedwe ndi magetsi koopsa, ngakhale kufa kumene.

Yaciwiri ndi kuphulika. Popeza cubu cilibe mpweya mkati, cikasweka mwadzidzidzi magalasi amamwazika ndipo angalase maso ndi nkhope.

Yacitatu ndi mtovu. Galasi la wailesi imodzi yaikulu lingakhale ndi mtovu wopitirira kilogalamu imodzi. Likali lathunthu silivuta, koma likaphwanyidwa ndi kutayidwa pabwalo, mtovu umalowa m'nthaka mmene ana amasewera. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, umacepetsa magazi ndipo umacititsa mwana kuvutika kusukulu. Anthu a ku Kabwe akudziwa bwino vuto limeneli, pakuti mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma nthaka ya m'makomboni ena ikali ndi mtovu.

Zoyenera kucita

1. Wailesi ikaonongeka, aitsegule ndi mmisiri wodziwa nchitoyi, osati mwana wa m'nyumba.
2. Mmisiri asasinthe zoyendetsera mavolti kuti cithunzi ciwale kwambiri, cifukwa mavolti akakwera ceza cimaculukanso.
3. Makina asayatsidwe cibweko cake citacotsedwa pamene ana ali pafupi.
4. Ana aletsedwe kuphwanya macubu pofuna nthambo za kopa zokagulitsa.
5. Wailesi yakufa isaochedwe pa dzala ndiponso isaponyedwe m'cimbudzi kapena pafupi ndi citsime. Isungidwe yathunthu pamalo ouma.
6. Cubu cikasweka, magalasi atoledwe ndi magolovesi, fumbi lake lipukutidwe ndi nsanza yonyowa, ndipo manja asambidwe ndi sopo.

Banja loonerera wailesi yakale yosaonongeka lisade nkhawa ndi ceza. Makolo aike maso pa wailesi yakufa ija ili kuseri kwa nyumba, pakuti ndiyo imene ana angaifikire.