Bondo Lipweteka, Koma Kodi Nthendayo Ili Pati?

MWANA akutsimphina ndipo akuloza bondo lake. Makolo alisisita ndi kulimanga nsalu, komabe ululuwo suleka. Kodi angakhale akusamalira malo olakwika?

2 Talingalirani mmene mwendo unapangidwira. Mbali iliyonse ya chiuno ili ndi mafupa 3 amene amagwirizana kukhala fupa limodzi pausinkhu waunyamata. Pamene atatuwo akumana pali mphako, ndipo mutu wobulungira wa fupa la ntchafu umaloŵa mmenemo monga munsi mumtondo. Chotero mwendo ukhoza kutembenukira kumbali zonse. Koma bondo, kumapeto ena a fupa limodzimodzilo, kwakukulukulu limangopinda ndi kuwongoka.

3 Mfundo ziŵirizi nzotalikirana, komabe mitsempha ina imene imatumiza ululu ku ubongo imatumikira zonse ziŵiri. Kaamba ka chimenecho, ubongo ungamve ululu wa m'chiuno monga ngati ukuchokera m'bondo. Mwa ana ena amene akusinkhuka, mutu wa fupa la ntchafu umasendera pamalo pamene fupalo limakulira. Ngati zimenezi zizindikiridwa mochedwa, mwanayo angatsimphine kwa moyo wake wonse.

4 Motero kholo lanzeru silidzazengereza. Lidzapita ndi mwana wotsimphinayo kuchipatala ndi kupempha kuti chiuno chipimidwe pamodzi ndi bondo.

Kodi Mungayankhe Motani?
□ Kodi mfundo ya m'chiuno imasiyana motani ndi bondo?
□ Kodi nchifukwa ninji nthenda ya m'chiuno ingamvekere m'bondo?