Usanagule Chithuthuthu Chija, Mphwanga

Mphwanga, chithunzi unanditumizira pa WhatsApp chija ndachiona. Njingayo ndi yokongola, sindikukana: thanki ngati mbiya ya mowa, mabokosi a aluminiyamu uku ndi uku, magetsi anayi kutsogolo. Wati mwini wake ali ku Pretoria ndipo akufuna ndalama msanga. Wati ukufuna kudzatsika nayo pa Mwanza mwezi wa December, kuti anthu aone kuti ku Joni sunapitire masewera. Za njingayo tikamba, koma ndiyambe ndakufunsa: unakwera liti njinga yamoto komaliza? Ine ndikawerenga, papita zaka 11 chisiyireni kabaza.

Ndikufunsa chifukwa moto umenewu unandiwotchapo. M'zaka za m'ma 1990, ndili mlangizi wa zaulimi, ndinkayenda pa Yamaha AG200 m'mapiri a ku Thyolo, dzinja ndi chilimwe chomwe. Kanjinga kaja kanali bulu weniweni. Liwiro kanalibe, mabuleki ake anali a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kakagwa m'matope unkangokadzutsa uku ukupereka moni kwa alimi. Atandikweza pa ntchito ndinalowa mu ofesi, kenako m'galimoto, mpaka zaka 17 zinatha osagwira handulo. Ndalama zopumira pa ntchito zitabwera, mtima unati nthawi ndi ino. Ndinagula chinjinga cha 1200cc kwa munthu wina amene ankabwerera kwawo kunja. Tsiku lachitatu ndinaima pomwetsera mafuta, phazi lamanzere linapeza kadzenje m'malo mwa simenti, njinga inapendekeka pang'ono pokha, basi nkhani inathera pomwepo. Inagona pansi mwakachetechete, mwendo wanga uli pansi pake. Anandiwonjola ndi anyamata atatu a kabaza, ndipo mmodzi anandifunsa mwachifundo ndithu: "Madala, ndi yanu yomwe kapena mwangobwereka?"

Mutu wanga unkakumbukira zonse, giya ili pati, kilatchi igwidwa bwanji. Thupi ndi limene linaiwala. Manja anaiwala muyezo wofinyira buleki, maso anaiwala kuyang'ana kumene ukupita m'malo moyang'ana mwala umene ukuuthawa, ndipo msana unali wa munthu amene wakhala pa mpando wa ofesi zaka zonsezo. Njingayo ndinaigulitsa patatha miyezi isanu ndi itatu, mtengo wake ndichita manyazi kukuuza. Inalibe vuto lililonse. Vuto linali wokwerapo.

Choyamba kuchiganizira tsono si mphamvu ya injini koma kulemera. BMW R1200GS Adventure ngati ukuisirirayo, thanki itadzaza, imapitirira makilogalamu 250. Amenewo ndi matumba asanu a chimanga, ndipo mabokosi ndi katundu wako sitinawerenge. Mpando wake uli pafupifupi masentimita 89 kuchoka pansi, pamene iwe ndi ine tinatengera msinkhu wa amayi. Ikamathamanga pa phula kulemerako sikumveka, imayenda ngati ikuyandama. Kumamveka pamene ukutembenuka pang'onopang'ono pa malo otsetsereka, pamene tayala lakutsogolo lalowa mumchenga wa ku Nsanje, kapena pamene wakumana ndi lole pa limodzi la makona 20 a msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, ndipo uyenera kuima phazi limodzi likulendewera. Njinga yotere idzagwa ndithu, za zimenezo usakayike. Funso n'lakuti ikagwa uli wekha pakati pa Rumphi ndi Chelinda, foni isakugwira, ndani adzaidzutse?

Ndikudziwa kumene unatenga maloto amenewa, chifukwa nanenso ndinawatenga komweko. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda pa njinga zoterezi kuchokera ku John o' Groats ku Scotland mpaka ku Cape Town, ndipo anadutsa m'Malawi muno. Filimu yawo ya Long Way Down inakopa anthu ambiri kugula njinga zoterezi. Koma ukaionerenso bwino: kumbuyo kwawo kunali magalimoto onyamula anthu owathandiza, wazachipatala ali momwemo. Iwe kumbuyo kwako kudzakhala fumbi lokha.

Zilipo njinga zimene zingakuyenere. Suzuki DR650 imalemera makilogalamu 166, ilibe ladiyeta ya madzi yoti ibooke, ndipo kuyambira 1996 sinasinthe kwenikweni, choncho makaniko wa nzeru zake akhoza kuimvetsa ngakhale akuiona koyamba. Chilema chake ndi thanki ya malita 13, yochepa kwambiri m'dziko limene mafuta amasowa mosachenjeza, koma matanki aakulu ogula padera alipo. Kawasaki KLR650 imayandikira makilogalamu 200 ndipo thanki yake imapitirira malita 20. Pa KLR yopangidwa chisanafike chaka cha 2008, ufunse ngati anasintha kachitsulo kokungira tcheni m'kati mwa injini kamene eni ake amakatcha doohickey, chifukwa kamadziwika ndi kuthyoka. Yamaha XT660Z Ténéré ndi yolimba, thanki malita 23, koma ndi yaitali mopitirira. Ngati ulendo wako weniweni ndi wa pa M1, Blantyre mpaka Mzuzu, alamu anga ali kumbuyo, Suzuki V-Strom 650 ndiyo yako. Ndipo usanyoze Honda CRF300L chifukwa cha kuchepa kwa nambala. Imalemera makilogalamu pafupifupi 140 ndipo imakafika kumene zikuluzikulu zija zimabwererera panjira.

Uganizirenso za masipeya. Mu Limbe kapena ku Malangalanga upeza chilichonse cha Lifo ndi Boxer, koma cha njinga zazikuluzi sungapeze ngakhale kachingwe ka kilatchi. Zonse zimabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, polipira ndi marandi. Palinso nkhani ya mafuta. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyezi njinga ikakhala nthawi yaitali osayenda, ndipo mafuta akasowa anthu amagula a m'zigubu osadziwa chimene chathiridwamo. Kabuleta ikatsekeka umaimasula pansi pa mtengo wa mango n'kuitsuka. Pampu ya mafuta ya njinga zamakono ikafa, umadikira basi ya ku Joni. Sindikunyoza zamakonozo, zimalira msanga m'mawa wa June ndipo sizitsamwa pamwamba pa Nyika. Ndikungoti udziwe chimene ukusankha.

Tsono tsiku lokaona njinga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo njinga yotsukidwa bwino imabisa zambiri. Umuuze mwini wake kuti asailize usanafike, ndipo ukafika ukhudze injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, waitenthetsa dala kuti usaone mmene imavutira kulira m'mawa. Iyenera kulira yozizira iwe ukuona, maso ako ali ku ekizozi. Utsi wotuwa ngati nthunzi umene ukutha pakapita mphindi zochepa si kanthu. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti injini ikudya oyilo. Oyilo akakhala wotuwira ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, ndipo pamenepo ungotsanzika.

Malo amene ogula ambiri sayang'ana ndi bokosi la sefa ya mpweya. Upemphe kuti alitsegule, upititse chala kuseri kwa sefa, mbali yolowera ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi, injiniyo yakhala ikupuma mchenga, ndipo mchenga umapala m'kati mwa injini ngati sandipepa. Njinga ya makilomita 60,000 imene inkasinthidwa oyilo ndi sefa pa nthawi yake ndi yabwino kuposa ya makilomita 15,000 imene inamwa fumbi. Za makilomitawo usakhulupirire wotchi yokha. Yang'ana mphira za popondera, za pa handulo ndi kutha kwa disiki ya buleki. Zimenezi sizidziwa kunama.

Kenako uimike njinga tayala lakutsogolo lili m'malere, utembenuze handulo pang'onopang'ono uku ndi uku. Ikamakodwa pakati ngati yagwera m'kamphako, mabelingi a pakhosi atha. Ugwedeze tayala lililonse cham'mbali, lisagwedere. Ugogode masipoko ndi sipanala limodzilimodzi: olimba amalira ngati belu, omasuka amangoti phu. Pa mafoloko akutsogolo pasakhale mafuta. Mano a sipuloketi akapindika ngati mbedza, konzekera kugula tcheni ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa zimasinthidwa pamodzi. Usuzumire pansi pa injini, uonenso tizitsulo toletsa handulo kupitirira malire, tili pakhosi pa felemu. Tikakhala topindika kapena towotcherera, njingayo inachitapo ngozi yaikulu, kaya mwini wake alumbira motani. Zokalika pa zitsulo zotchingira m'mbali zisakuopse, njinga ya m'tchire imagwa. Ine ndimakayikira kwambiri ya penti yatsopano mbali imodzi yokha.

Tenga kamita koyezera magetsi, n'kotsika mtengo. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo ikamalira mokwezako pang'ono liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, njingayo sikutchaja, ndipo idzakuzimira usiku. Matayala nawonso ali ndi zaka zawo. Pambali pa tayala pali manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Ukaona 2317, linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Mano akhoza kuoneka atsopano, koma mphira ya zaka zopitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi imauma, ndipo pa phula lonyowa imaterera ngati therere.

Chilichonse mwa zimenezi chimakonzeka ndi ndalama, ndipo n'chimene umatsitsira mtengo. Chosakonzeka ndi mapepala. Nambala ya felemu ili ndi zilembo ndi manambala 17. Uiwerenge wekha pachitsulo, chimodzichimodzi, uyerekeze ndi imene ili pa pepala, uchitenso chimodzimodzi ndi nambala ya injini. Pakaoneka popalidwa kapena pokhomedwa kachiwiri, choka osatembenuka. Pepala la kaundula la ku South Africa limalemba mayina awiri, la mwini wake ndi la amene ali ndi umwini pa lamulo. Dzina lachiwirilo likakhala la banki, ngongole sinathe, ndipo njingayo si ya amene akukugulitsayo. Ukaona kuti inalembedwa Code 3, inawonongekapo kotheratu n'kumangidwanso. Kuti uitulutse m'dzikomo pafunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba, ndipo kuno kukudikira msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic ndi inshuwalansi. Za msonkhowo ufunse kwa eni ake usanagule, osati kwa dobadoba wa pachipata. Laisensi yako uyione: A1 imathera pa 125cc, pamwamba pake pafunika A.

Ndalama usathere pa njinga. Ngakhale wogulitsa anene kuti waikonza dzulo, iwe usinthe oyilo, sefa, mapulagi ndi mafuta a mabuleki, amene amayenera kusinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse koma ambiri sawakhudza n'komwe. Jekete ndi buluku za kaunjika zilibe mlandu. Helemeti yokha ikhale yatsopano, yokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05 kapena 22.06, chifukwa imene inamenyekapo pansi imaphwanyika m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ugulenso nsapato zenizeni zofika m'miyendo. Pa kugwa kwanga kuja ndinavala nsapato za ku tchalitchi, ndipo kakolo wanga amandikumbutsabe nyengo yozizira ikafika.

Ukagula, sabata zoyamba si za ulendo. Pita pa bwalo lopanda anthu m'mawa, uzizungulira pang'onopang'ono mpaka kutembenuka kusiye kukuopsa. Uphunzirenso kuima mwadzidzidzi. Mabuleki a kabaza wako uja unkawafinya ndi mphamvu zonse ndiye n'kuyamba kupemphera. A njinga izi amaluma ndi zala ziwiri, ndipo pa dothi buleki yakutsogolo yofinyidwa mwamantha imakugwetsa usanaphethire. Uigoneke dala pa udzu, uilowetse giya yoyamba, uitembenukire msana, ugwire handulo ndi chitsulo chakumbuyo, uidzutse ndi miyendo osati msana. Misewu imene unaisiya nayonso inasintha. Kabaza wachuluka kuwirikiza, amatulukira paliponse, ndipo maso ako usiku si a zaka 11 zapitazo.

Ulendo wa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mu December, mvula itayamba, pa njinga imene waidziwa mwezi umodzi, ine sindikuuvomereza. Chaka chino uikweze pa thiraki, iweyo ukwere basi. Ku Pretoria upite Loweruka m'mamawa, injini isanatenthe, utenge tochi, kamita kaja ndi mnzako wodziwa njinga amene sakuisirira ngati iwe. Ukhalepo, uone ngati mapazi onse awiri akufika pansi. Ndalama ya chikole usatumize mpaka undiimbire foni utaima pambali pa njingayo, pepala lili m'manja.