Zoyenera kudziwa pochita lendi nyumba mu mzinda kwa nthawi yochepa

Anthu ambiri a m'boma lino amapita ku Lilongwe kukakhalako masabata kapena miyezi yochepa. Ena amakadwazika matenda ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, ena amakagwira ntchito kapena kukaphunzira. Amene alibe wachibale mu mzindawu amafuna chipinda cha lendi ku Kawale, Biwi, Mchesi kapena Area 25, ndipo akapanda kusamala, ndalama zimene anagulitsa mbewu zimalowa m'madzi.

Choyamba, wofuna nyumba asapereke ndalama asanaione ndi maso ake. Alipo akathyali amene amadzitcha maejenti: amaitanitsa ndalama pafoni, akalandira n'kuzimitsa foniyo. Ndi bwino kukumana ndi mwininyumba, komanso kufunsa anthu oyandikana nawo kapena mfumu ya deralo ngati nyumbayo ilidi yake.

Chachiwiri, pangano lilembedwe. Eninyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, choncho wokhala mwezi umodzi anene zimenezi poyambirira. Kalatayo isonyeze mtengo, tsiku lolowa ndi lotuluka, ndipo mboni ziwiri zisayine. Ndalama zikatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake usafufutidwe, chifukwa ndiwo umboni.

Chachitatu, pamene mabanja angapo akugwiritsa ntchito mita imodzi ya ESCOM kapena mpopi umodzi, kasonkhedwe ka ndalama kamveke munthu asanalowe m'nyumba. Afunsenso ngati pali ngongole yakale ya madzi, kuopa kulipirira zimene anamwa ena. Asaiwale kuona chimbudzi ndi ngalande, makamaka m'dzinja pamene matenda a kolera amafala.

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.