Majumbo, Usipa ndi Mimba Zathu: Mafunso ndi Mayankho

WOWULUTSA: Tili pano pa boma la Nkhata Bay. Yakwana nthawi ya mafunso ndi mayankho pa za umoyo. Makalata a sabata ino akuzungulira pa nkhani imodzi: mapulasitiki amene ali mbwee mumsika ndi m'mbali mwa nyanja akutichita chiyani m'mimbamu? Adokotala athu afika kale. Takulandirani, adokotala.

ADOKOTALA: Zikomo kwambiri, yewo. 

WOWULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a ku Chintheche. Akuti: "Pa WhatsApp pakuyenda uthenga wakuti tikumadya pulasitiki tsiku ndi tsiku osadziwa. Ana a m'kalasi mwanga andifunsa ngati ndi zoona. Ndiwayankhe chiyani?"

ADOKOTALA: Aphunzitsi, auzeni anawo kuti ndi zoona. Jumbo ikatayidwa pamchenga siwola ayi. Dzuwa limaiwumitsa, mafunde amaitikita pa miyala, mpaka imanyenyeka n'kusanduka tizidutswa. Ofufuza amalondola tizidutswa tosakwana mamilimita 5, tochepa kuposa kambewu ka mpunga, ndipo tambiri sitioneka n'komwe ndi maso. Amene anatchukitsa nkhaniyi ndi Richard Thompson wa pa yunivesite ya Plymouth ku England m'chaka cha 2004, atatipeza mumchenga ndi m'madzi a m'nyanja yamchere.

Kuchokera apo, ofufuza anatembenukira ku thupi la munthu. Mu 2018 madokotala a ku Vienna anapima chimbudzi cha anthu 8 ochokera m'mayiko 8, ndipo onse anapezeka nato. Mu 2022 ku Amsterdam anapima magazi a anthu 22, tizidutswa tinapezeka mwa anthu 17. Timalowa ndi madzi, ndi chakudya, ndi fumbi lomwe timapuma. Tambiri timatuluka ndi chimbudzi, koma tating'onoting'ono kwambiri timatha kubowoleza khoma la matumbo n'kulowa m'magazi.

WOWULUTSA: Funso lotsatira likugwirizana ndi limeneli. Mayi wina wa ku Mkondezi akuti: "Ine m'mimba mumandivuta kawirikawiri, mpweya ndi kutsegula. Kodi si mapulasitiki amenewa?"

ADOKOTALA: Pepani mayi ndi vutolo. Ndiyambe ndi kufotokoza mmene matumbo amagwirira ntchito. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri tothandiza. Timagaya zakudya zomwe thupi palokha silingagaye, timapanga mavitamini ena, komanso timatchinga tizilombo toyambitsa matenda kuti tisakhazikike.

Umboni waukulu wa kufunika kwa tizilombo timeneti unachokera kuno ku Malawi. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Washington ku St. Louis, mogwirizana ndi a ku College of Medicine ku Blantyre, anatulutsa zomwe anapeza atalondola mabanja 317 a ana amapasa. M'mabanja ambiri, mwana mmodzi ankadwala matenda osowa zakudya m'thupi, kuphatikizapo kutupikana, pamene mnzake ali bwinobwino, chonsecho akudya mbale imodzi. Atatenga tizilombo ta m'matumbo mwa mwana wotupikana n'kutiika mwa mbewa zoyeserera, n'kumazidyetsa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, mbewazo zinaonda kwambiri. Ndiye kuti chilichonse chosokoneza tizilombo tothandizati n'chofunika kuchiyang'anitsitsa.

Pa mbewa, tizidutswa ta pulasitiki tapezeka kuti timasintha mitundu ya tizilomboti, timachepetsa mamina oteteza khoma la matumbo, ndipo timatupitsa matumbowo. Pa anthu, mu 2021 ofufuza a ku Nanjing ku China anapeza kuti odwala matenda otupa matumbo anali ndi tizidutswa tochuluka m'chimbudzi kuposa anthu abwinobwino. Mu 2024 ku Italy, mwa odwala 257 amene anachitidwa opaleshoni ya mitsempha ya pakhosi, oposa theka anapezeka ndi pulasitiki m'mafuta otseka mitsempha, ndipo iwowo ndi amene ankagwidwa kwambiri ndi sitiroko ndi matenda a mtima m'zaka zotsatira. Zimenezi zikuonetsa kuti pulasitiki ndi matenda zikumapezekera pamodzi. Ntchito yomwe ofufuza ali nayo kalikiliki panopa ndi kutsimikiza ngati pulasitikiyo ndi amene amayambitsa matendawo.

Tsono inu mayi, musakhale pakhomo n'kumaloza jumbo. Kuno kunyanja m'mimba mumavuta kwambiri chifukwa cha njoka za m'mimba, likodzo, kamwazi, zilonda za m'mimba ndi madzi osatetezedwa, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Chipatala cha boma muli nacho pafupi. Pitani akakupimeni chimbudzi ndi mkodzo.

WOWULUTSA: Bambo wina msodzi wa ku Tukombo walemba motere: "Usipa timadya wathunthu, mutu ndi matumbo omwe. Ngati nsomba zikumeza mapulasitiki, ndiye ife tisiye usipa? Nanga malonda athu?"

ADOKOTALA: Bambo, funso lanu ndi lolemera, chifukwa likukhudza mphika ndi thumba lomwe. Nsomba zimamezadi. Mu 2016 ofufuza anatumbula nsomba za m'nyanja ya Victoria ku Mwanza, m'dziko la Tanzania, ndipo imodzi mwa nsomba zisanu zilizonse inali ndi tizidutswa m'matumbo. Nyanja yathu ili ndi vuto lake lapadera. Mitsinje yolowamo ndi yambiri, monga Luweya ndi Dwangwa, koma wotuluka ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi. Nthunzi sinyamula pulasitiki. Chimene chalowa m'nyanja muno chimakhalitsa, mpaka zidzukulu zathu zidzachipeza.

Komabe ndikunena mosabisa mawu: usipa musasiye. Kudya nsomba yathunthu ndi kumene kumapatsa mwana kashiamu wa m'minga, ayironi, zinki ndi zomanga thupi zomwe kondowole payekha alibe. Phindu limeneli ndi lotsimikizika, ndipo mwana wosowa ndiwo zotere amapinimbira tikuona. Batala, chambo ndi kampango timachotsa kale matumbo, ndipo ndi mmene tizidutswa tambiri timakhala. Usipa utsukeni bwino musanaphike, ndipo muziwuyanika pa thandala, osati pamchenga kapena pa pepala la pulasitiki lothetheka ndi dzuwa.

Inu asodzi muli ndi gawo lalikulu. Ukonde wa nayiloni ukang'ambika n'kusiyidwa m'madzi umapitiriza kupha nsomba popanda wokolola, kenako umanyenyeka n'kulowa m'zakudya za nsomba zomwezo. Chimodzimodzi zingwe, zigubu zosweka, mabotolo a oyilo ndi mabatire a nyali zokopera usipa usiku. Zonsezi zizibwerera kumtunda. Kambiranani nkhaniyi m'makomiti anu a m'madoko, monga mmene mumakambiranira za kutseka nyanja nthawi yoswana nsomba.

WOWULUTSA: Mayi wogulitsa tchipisi pafupi ndi jeti akuti: "Tsiku lofika sitima ya Ilala makasitomala amachuluka, ndipo aliyense amafuna ndimuikire mu jumbo. Komanso m'mawa mbaula ndimakolezera jumbo yomweyo. Pali vuto?"

ADOKOTALA: Lilipo mayi, ndipo pa mafunso onse a lero ili ndi limene mungalikonze mawa lomwe. Mdani wamkulu wa pulasitiki ndi kutentha, makamaka kukakumana ndi mafuta. Tchipisi chochoka pa chiwaya chikagwera mu jumbo yopyapyala, mumaona nokha jumboyo ikufota n'kumamatira. Pamenepo tizidutswa ndi mankhwala amene amasakaniza popanga pulasitiki zikulowa m'chakudya. Mu 2020 ofufuza a ku Trinity College ku Dublin anathira madzi otentha m'mabotolo a pulasitiki omwetsera makanda, ndipo anawerenga tizidutswa mamiliyoni mu lita imodzi. Madzi akatentha kwambiri, tizidutswa timachulukanso.

Choncho nsima, mpunga, phala la mwana ndi tiyi zisakhudzane ndi jumbo zikadali zamoto. Chizolowezi chovundikira mpunga kapena chinangwa ndi jumbo mumphika chitheretu. Chivundikiro chilipo, ndipo masamba a nthochi kuno ku Nkhata Bay sasowa. Kasitomala wodyera pomwepo mpatseni mbale yachitsulo, wonyamula muziziritsireni pang'ono kapena abwere ndi kontena yake.

Za kukolezera moto, utsi wakuda uja wonunkha, woyabwa pakhosi, uli ndi poizoni wowononga mapapo, ndipo mapulasitiki ena akapsa amatulutsa mankhwala oyambitsa khansa. Amene amaupuma kwambiri ndi inuyo mwawerama pa mbaula, ndi mwana amene mwabereka kumbuyo. Kolezerani udzu wouma, zitsononkho kapena tizipatsa ta nkhuni.

WOWULUTSA: Mnyamata wa pa Chikale akufunsa za madzi: "Kodi otetezeka ndi ati, a m'botolo, a pampopi kapena a m'nyanja?"

ADOKOTALA: Achimwene, madzi a m'botolo nawo ali ndi pulasitiki. Mu 2024 a ku yunivesite ya Columbia ku America anapeza tizidutswa pafupifupi 240,000 mu lita imodzi, tambiri tochepetsetsa. Botolo likakhala padzuwa kapena likamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza mpaka kukandika, limanyenyeka kwambiri. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO litaunika nkhaniyi mu 2019 linanena kuti choopsa choyamba m'madzi akumwa ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zimenezo. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, ndipo chapakati pa chaka chimenecho boma lathu linali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri.

Pulasitiki ndi matenda otsegula m'mimba zimayenda limodzi m'njira ina imene ambiri saiganizira. Ofufuza a ku yunivesite ya Stirling ku Scotland, amene akhala akugwira ntchito ndi anzawo a ku Blantyre, anaonetsa kuti tizilombo ta kolera ndi ta Salmonella timamatirira pa zinyalala za pulasitiki n'kukhala ndi moyo masiku ambiri. Tauni yathu ili pa zitunda. Mvula ikagwa, matewera a ana otayidwa kuseri kwa nyumba, majumbo ndi mapepala a mafirizi zimatsetsereka m'ngalande mpaka pagombe, pamene amayi akutsuka mbale ndi kuviika chinangwa, ana akusambira.

Ndiye madzi a m'nyanja ndi a pachitsime muziwawiritsa kapena kuthira klorini nthawi zonse. Kuwiritsa kuli ndi phindu linanso: mu 2024 ofufuza a ku Guangzhou anapeza kuti madzi akawira kwa mphindi 5 n'kusefedwa, tizidutswa ta pulasitiki timachepa. Muziwiritsa mumphika wachitsulo, mudikire azizire, kenako musunge mumtsuko kapena mu ndowa yovundikira, pamthunzi.

WOWULUTSA: Agogo a ku Mpamba akuti: "Kale kunalibe majumbo koma m'mimba munkapwetekabe. Palibe poizoni wina m'zakudya zathu?"

ADOKOTALA: Agogo anena zoona. Poizoni woyamba ndi wa chuku. Chimanga, mtedza ndi makaka zikasungidwa zisanaumitsitse zimachita nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu ngwodziwika bwino kuti amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Mtedza wofota, wakuda ndi wowawa musasinjire nsinjiro za phala la mwana, tayani. Wachiwiri ali mu chinangwa chowawa. Makolo ankachiviika masiku angapo mpaka chifewe, n'kuchiyanika mpaka chiume gwa, chifukwa njira imeneyi ndi imene imachotsa poizoni wake. Njala ikavuta musafupikitse masiku oviika. Wachitatu ndi mankhwala a mbewu: chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo chisasanduke chotungira madzi, ngakhale mutachitsuka kangati.

WOWULUTSA: Kalata yomaliza ndi ya mtsikana wa Fomu 4: "Tinaphunzira kuti majumbo opyapyala ndi oletsedwa. Bwanji tsono akhala akupezekabe?"

ADOKOTALA: Mwana wanga, unaphunzira zoona. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamayikironi 60 m'chaka cha 2015. Makampani opanga majumbo anathamangira ku khoti, ndipo mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anatsogolera nawo nkhondo imeneyi ataona mbuzi zikufa ndi majumbo m'mimba, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Pambuyo pake milandu ina inachedwetsanso ntchitoyi. Bungwe loyang'anira lamuloli ndi MEPA, ndipo khonsolo ya boma lathu ili ndi udindo wochotsa zinyalala mumsika ndi pa depoti. Muli ndi ufulu wofunsa makhansala ndi mafumu kuti zinyalala za m'tauni muno zikutayidwa kuti.

Pomaliza ndikupempheni zinthu zisanu, abale anga. Chakudya chamoto chisalowe mu jumbo. Jumbo isalowe pamoto. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Popita kumsika tengani dengu kapena chikwama chansalu, kuti majumbo obwera pakhomo achepe. Ndipo ana apitirize kudya usipa, masamba, nyemba ndi zipatso, chifukwa zakudya zimenezi ndi zimene zimadyetsa tizilombo tothandiza ta m'matumbo mwawo.

WOWULUTSA:  Omvera, pitirizani kutilembera makalata. Sabata yamawa tidzayankha mafunso anu okhudza likodzo ndi ana osambira m'nyanja.