Khansa ya M'mawere Ikafika M'mimba

Anthu a kunyanja ku Senga Bay, Chipoka ndi Lifuwu adziwa bwino kuti likodzo likakhalitsa m'thupi liononga chiwindi, ndipo mimba itupa ndi madzi. Chifukwa chake mayi akayamba kutupa mimba, abale afulumira kunena kuti ndi likodzo, ena ati ndi pakati, enanso ati walodzedwa. Koma ngati mayiyo ali ndi chotupa cholimba m'bere kapena mwanabere m'khwapa, ngakhale bere linachotsedwa kale kuchipatala, nkhani ikhoza kukhala ina.

Khansa ya m'mawere iyenda ndi magazi nikamera kwina, monga m'mafupa, m'mapapo ndi m'chiwindi. Ikafika m'chiwindi, wodwala amva kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, akhuta msanga, aonda, ndipo nthawi zina maso asanduka achikasu. Ikagwira nembanemba yokuta matumbo, madzi adzaza m'mimba kufikira munthu alephera kupuma bwino.

Nanga wodwala wotere achira? Madokotala sabisa: matenda akafika pamenepa sachizika. Koma kusachizika sikutanthauza kuti maliro ali mawa. Ena akhala miyezi yowerengeka, makamaka ngati chiwindi chaonongeka kwambiri. Ena akhala zaka. Chilekanitsa ndi mtundu wa khansayo, mphamvu za wodwala, ndi nthawi imene wayamba mankhwala. Pali khansa imene ikula ndi mahomoni a chikazi, ndipo mapiritsi a tamoxifen, omwa tsiku ndi tsiku, atha kuibweza m'mbuyo. Ina ifuna mankhwala a m'diripi, amene aperekedwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Kalata yopitira kumeneko itengedwa ku chipatala chachikulu cha boma la Salima.

Madzi a m'mimba achotsedwa ndi singano ndi kapaipi, ndipo wodwala apepukidwa tsiku lomwelo. Madziwo abwereranso pakapita masabata. Si kulakwa kwa dokotala, ndi mmene matendawo achitira, ndipo atha kuchotsedwanso. Kutema mphini pa mimba yotupa kungowonjezera mabala.

Pa za ululu, anthu a ku Salima ali ndi mwayi. Malo a Ndi Moyo, amene Mayi Lucy Finch anatsegula mu 2007, asamala odwala matenda osachizika. Mankhwala a morphine akumwa, akaperekedwa pa muyeso ndi pa nthawi yake, aletsa ululu ndipo safulumizitsa imfa monga ena aopera. Amangitsa m'mimba, tsono namwino apereka mankhwala ofewetsa.

Pakhomo wodwala asakakamizidwe kumaliza mbale ya nsima. Phala, msuzi wa nsomba ndi papaya, pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, zilowa bwino. Pogona atsamire, mutu ndi chifuwa zikhale m'mwamba. Akayamba kusanza kosalekeza, kapena kusokonezeka maganizo, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.