Mamilimita atatu okha angapotoze njinga yamoto

Tsiku lina mukadzakwera njinga yamoto ya kabaza, mudzayang'ane manja a woyendetsa pamsewu wowongoka. Pa njinga zina mudzaona kuti chiwongolero chapotokera mbali imodzi, chonsecho njinga ikupita molunjika. Mukafunsa, ambiri amati njingayo inagwapo ndiye mafoloko anapindika. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zinanso vuto limakhala ku tayala lakumbuyo, ndipo limayamba tsiku lomwe mwiniwake wakunga tcheni.

Tiyambire pa tchenipo. Tcheni chikagwira ntchito nthawi yaitali, timapini take timaperepeseka ndipo chimatalika n'kuyamba kukhwepa. Kuti chikungike, amamasula nati ya ekiselo n'kukokera tayala m'mbuyo pogwiritsa ntchito timabawuti tiwiri, kena kumanzere kena kumanja. Timabawuti timeneti tiyenera kukoka mofanana ndendende. Kamodzi kakaposa kanzake, ekiselo imapendekeka ndipo tayala limaloza kumbali.

Mwina mukuti, aphunzitsi, nanga kusiyana kwa timamilimita n'kanthu? Tulutsani makakyuleta. Tiyerekeze kuti timabawuti tija tatalikirana ndi mamilimita 200, ndipo kamodzi kakoka mopitirira ndi mamilimita 3.5. Gawani 3.5 ndi 200, mupeza 0.0175. Imeneyo ndi tan ya ngodya ya digiri imodzi. Tsopano tinene kuti kuchoka pa ekiselo yakumbuyo kufika pa yakutsogolo pali mamilimita 1,300. Chulukitsani 1,300 ndi 0.0175, yankho ndi pafupifupi mamilimita 23. Mwaona? Kulakwitsa kwa mamilimita 3.5 kumbuyo kwasanduka masentimita oposa 2 kutsogolo. Trigonometry yomwe mumadandaula nayo ija ndi imeneyi.

Ndiye chimachitika n'chiyani pamsewu? Tayala limagudubuzika kupita komwe laloza. Lakumbuyo likaloza kumanzere, woyendetsa amapotozera chiwongolero kumanzere mosadziwa kuti matayala onse aloze kumodzi. Njinga imapitadi molunjika, koma tayala lililonse likuponda mzere wakewake, ngati galu wothamanga chammbali. Pakona, njinga yotere imakhota mosavuta mbali imodzi n'kumavuta mbali inayo. Tcheni nacho chimafika pa sprocket chopendekeka, n'kumakhula m'mbali mwa mano. Friction imeneyi imadya zitsulo zonse ziwiri, komanso imasandutsa gawo la mphamvu za injini kukhala kutentha ndi phokoso basi. Kwa munthu wa kabaza, amenewo ndi mafuta ndi masipeya ofunika ndalama.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Chingwe chachitali ndi rula n'zokwanira. Imikani njinga chilili, mnzanu aigwire. Kolowekani chingwe kuseri kwa tayala lakumbuyo cham'munsi, n'kukokera nsonga zonse ziwiri kutsogolo, ina kumanzere ina kumanja. Chingwe chingokhudza m'mphepete mwa tayala lakumbuyolo, chisapindike. Kenako wongolani chiwongolero kuti tayala lakutsogolo liime motsatira zingwezo. Popeza lakutsogolo limakhala locheperako m'lifupi, padzatsala mpata mbali zonse. Yezani mipatayo. Ikafanana, zili bwino. Mpata wakumanzere ukakula, ndiye kuti tayala lakumbuyo laloza kumanzere, kutanthauza kuti kabawuti kakumanzere kakoka kwambiri. Jambulani chithunzi m'kope lanu mutsimikize nokha.

Pa chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, chomwe amati swingarm, pamakhala timizere tothandiza kuti mbali ziwirizi zifanane. Tiwerengeni, koma yezaninso ndi chingwe, chifukwa njinga ikakalamba kapena ikagwapo, timizereto titha kukunamizani.

Palinso cholakwika china chomwe chimayendera limodzi ndi ichi: kukunga tcheni mpaka kuti gwa ngati chingwe cha gitala. Tcheni chiyenera kukhala ndi kampata kosewerera. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono, mukachikankha pakati chimayenera kusuntha mamilimita 20 mpaka 30, koma nambala yeniyeni imalembedwa m'buku la njingayo. Chifukwa chake n'chakuti sprocket ya ku injini sili pamalo amodzi ndi pomwe swingarm imazungulirira. Anthu awiri akakwera, kapena njinga ikamenya dzenje, swingarm imakwera, mtunda wa pakati pa ma sprocket awiri umakula, ndipo tcheni chimakungika chokha. Ngati chinali chokungika kale, mphamvu yonseyo imathera pa ma bearing ndi pa tcheni chomwecho. Tcheni chikaduka n'kukola tayala njinga ili pa liwiro, ndi ngozi imeneyo.

Chenjezo: musayerekeze kugwira tcheni injini ikulira. Chala chikalowa pakati pa tcheni ndi mano a sprocket sichituluka chathunthu. Ndipo ngati njinga si yanu, yezani ndi kuuza mwiniwake zomwe mwapeza. Zomasula asiyireni iwo kapena amakaniko.

Ntchito ya sabata ino nayi. Pezani njinga yakapalasa, muiyeze ndi chingwe monga tafotokozera. Lembani mipata iwiriyo ndi mtunda wa pakati pa ma ekiselo. Theka la kusiyana kwa mipatayo mukaligawa ndi mtundawo, mupeza tan ya ngodya yanu. Ndi madigiri angati?