ALENDO AWIRI M'MZINDA WA LONDON

M'caka ca 1874, m'mudzi wina wa ku England, dzina lace Leytonstone, munali alendo awiri ocokera ku Afrika. Wina anali James Chuma, Myao. Mnzace anali Abdullah Susi, wa ku Shupanga, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Amene anawalandira ndiye mbusa Horace Waller.

Waller ndi Chuma anadziwana kale. M'mwezi wa July 1861, Chuma akali mnyamata wamng'ono, anali m'gulu la akapolo amene David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anawamasula ku mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Analeredwa pa mishoni ya Magomero, ndipo Waller anali mmodzi wa amishoni a pamenepo. Pambuyo pace Chuma ndi Susi anaoloka nyanja yamcere ndi Livingstone, nafika ku Bombay m'caka ca 1864; mzinda umenewu lero aucha Mumbai. M'caka ca 1866 anabwerera naye ku Afrika, nayenda naye zaka 7.

Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene tsopano ndi Zambia. Anthu ace anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, naumitsa mtembo ndi mcere ndi dzuwa, naunyamula mtunda woposa mailosi 1,000, kufikira anatulukira ku gombe la Bagamoyo m'mwezi wa February 1874. Otsogolera ulendo wobvutawo anali Susi ndi Chuma. Koma atafika, akuru a boma anangowalipira, nawasiya. Mtembo unapita ku England, nuikidwa m'chalichi cacikuru ca Westminster Abbey pa 18 April 1874, iwo palibe. Mwa onse a paulendo uja, Jacob Wainwright yekha ndiye anafika pamaliro.

Tsono panali bwenzi la Livingstone, James Young, munthu amene analemera ndi nchito yopanga parafini. Iye anati nkosayenera kuti anthu okhulupirika otere aiwalike. Nalipira ulendo wao wa ku England. Anafika maliro atatha kale.

Ku Leytonstone kunali nchito yowadikira. Waller analikukonza mabuku amene Livingstone analemba m'zaka zace zotsiriza, kuti asindikizidwe. Nchitoyo inali yolemetsa ndithu. Nthawi yina mapepala ndi inki zitamthera, Livingstone analemba pa nyuzi yakale ndi madzi a njere za m'thengo, ndipo zolembazo zinali zosaoneka bwino. Ndiponso mau ace omariza anawalemba pa 27 April 1873. Nanga za masiku a kufa kwace, ndi za ulendo wa mtembo, akadazinena ndani? Mboni zace zinali alendo awiri aja. Iwo anakhala pansi ndi Waller masiku ambiri, iye akufunsa, iwo akuyankha.

Pakati pa nchito imeneyi panali masiku ena opita kumzinda. Leytonstone unali mudzi wa mitengo ndi minda, mtunda wa mailosi ngati 7 kucokera pakati pa London, ndipo njanji inali itafikako m'caka ca 1856. Munthu anali kukhoza kukwera sitima mamawa, nayenda mumzinda usana wonse, nabwera madzulo.

Ana inu, taganizani zimene mlendo anali kuona m'London masiku amenewo. Mumzindamo munali anthu oposa 3,000,000. Magalimoto kunalibe, m'miseu munali magareta osawerengeka okokedwa ndi akavalo, ndipo phokoso la ziboda ndi mikombero silinali kuleka. Nyumba zinali zosanjikizana, zakuda ndi utsi wa malasha. Usiku miseu inali kuwala ndi nyali za gasi. Pansi pa nthaka panali njanji yina, imene inatsegulidwa m'caka ca 1863, ndipo anthu anali kutsikira kumeneko ngati mbewa kuuna, nakwera sitima mumdima ndi mu utsi. Pakati pa mzinda papita mtsinje wa Thames, umene madzi ace akwera ndi kutsika kawiri pa tsiku cifukwa ca nyanja yamcere. M'mbali mwace muli nyumba yopangiramo malamulo, ndi nsanja yaitali ya wochi yaikuru. Ndipo pafupi pomwepo pali Westminster Abbey, mogona Livingstone.

Munthu wofika pamalo otere kawirikawiri acita manyazi. Ayamba kuyesa kuti nzeru zonse ziri kwa eni mzinda, ndi kuti zimene iye adziwa za kwao nzacabe. Ena afika pakukana ndi dzina lomwe la mudzi wao. Koma taonani cimene cinacitika ndi Susi ndi Chuma.

M'London munali bungwe la anthu ophunzira za maiko, mapiri ndi mitsinje, dzina lace Royal Geographical Society. Linayamba m'caka ca 1830, ndipo linathandiza ndi ndalama ulendo wotsiriza wa Livingstone. M'mwezi wa June 1874 Waller anapita nao alendo ace ku msonkhano wa bungwelo, nawaonetsa kwa akuruakuru, nafotokoza kukhulupirika kwao. Ndipo iwo anawacitira ulemu. M'nyumbamo munali anthu odziwa kulemba mapu okongola. Koma mitsinje yambiri yolembedwa pa mapuwo iwo anali asanaione ndi maso. Susi ndi Chuma anali ataioloka ndi miyendo yao, madzi ali m'ciuno, nthawi zina atasenza Livingstone paphewa.

Waller mwini analemba za cinthu cina cimene cinamdabwitsa. Tsiku lina anasokonezeka za mitsinje ya dera lina, osadziwa kuti uwu uthira mu uti. Anamfunsa Susi. Patapita maora owerengeka, Susi anabwera ndi cithunzi ca mitsinje yonse ya deralo, cimene anacilemba pongokumbukira. Waller anacilinganiza ndi mapu a Livingstone, napeza kuti zibvomerezana. Nzeru imeneyi Susi sanaitole m'buku. Paulendo ponse iye ndi Chuma anali kuthandiza Livingstone kufunsa eni dziko dzina la mtsinje uliwonse, kumene ucokera, ndi kumene upita. Ndipo mayankhowo anawasunga mumtima. Akuru anati, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."

Asanabwerere kwao anapitanso ku Scotland, kwa James Young. Kumeneko anamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu, kofanana ndi kamene Livingstone anamwaliriramo, kuti abale ndi abwenzi ace aone. Buku lija linatuluka caka comweco ca 1874, m'magawo awiri, ndipo nkhani ya kumapeto kwace ndi imene anainena anthu awiriwa.

Atabwerera ku Zanzibar sanakhale cabe ndi kumanyada kuti anaona London. Chuma anagwira nchito ndi Bishopu Steere, ndipo m'zaka za 1879 ndi 1880 anali kapitao wa ulendo wa Joseph Thomson, umene unafika ku nyanja ya Nyasa ndi ya Tanganyika. Anamwalira m'caka ca 1882. Susi anayenda ndi Henry Stanley ku mtsinje wa Congo, namwalira m'caka ca 1891.

Ambiri a inu mudzapita kumizinda mutakula, ena kusukulu, ena kukafuna nchito. Kuona zacilendo nkwabwino, ndipo wanzeru ayang'anitsa nafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Koma kumzinda munthu sawerengedwa cifukwa ca kuzizwa ndi nyumba zazitali. Awerengedwa cifukwa ca cimene adziwa bwino ndi cimene acita mokhulupirika. Cifukwa cace yambani lero ndi za kwanu. Dziwani maina a mitsinje, mapiri ndi mitengo ya m'dera lanu. Cherani khutu polankhula agogo anu. Ndipo cimene mwaona ndi maso mucinene monga ciri, osaonjezapo.

MAFUNSO

1. Kodi Waller ndi Chuma anadziwana kuti, ndipo m'caka citi?
2. Ncifukwa ciani Susi ndi Chuma sanaonekere pamaliro a Livingstone?
3. Chulani zinthu zitatu zimene mlendo anali kuona m'London m'caka ca 1874.
4. Kodi Susi anadziwa bwanji kulemba mitsinje ija wopanda buku?
5. Lembani pa sileti mtsinje wa pafupi ndi mudzi wanu, ndi timitsinje tothiramo. Ngati simudziwa kumene ucokera, kafunseni akuru.